Kulondera Mimba ya Timea

Loweruka, 11 Januwale

Tapambana 3-1, koma dzino langa lam'munsi likugwedera. Bibiána wa timu ya Mimbulu, nambala 8 uja, wandilowetsa mutu wa ndodo pansi pa waya wa chisoti oyimbira atayang'ana kumbali. Ati pa hoke ya akazi ya pa ayezi lamulo limakana kugundana. Eya, sitigundana. Timangobayana mwaulemu. Ndamubwezera kuseri kwa bondo, pamene palibe chotchinga, ndipo walira ngati nkhumba yophedwa m'chisanu. Andiponya m'khola la chilango mphindi ziwiri, ndakhalamo mtima uli mbee.

Zigoli ziwiri wamwetsa ndi Timea, kaputeni wathu, mnzanga wa chipinda chimodzi kuhositelo chilowereni payunivesite. Bambo ake, a Lacko, anali pamalo awo a nthawi zonse kuseri kwa golo, kuswa ng'oma ngati alipidwa. Pambuyo pake andipatsa buledi wopaka mafuta a nkhumba ndi anyezi, ati, "Slávka mwana wanga, iwe ndiwe mpanda wa timuyi." Ndatafunira mbali imodzi.

M'basi pobwerera Timea wasanza. Akuti ndi soseji ya pabwalo.

Lachiwiri, 14 Januwale

Si soseji ayi.

Ndamupeza m'mawa atagwada m'bafa, nkhope ili mbuu. Sanazungulire. Ali ndi pakati. Ndi ya chibwenzi chake Radovan, amene ali ku Austria kumanga nyumba za eni, ndipo abwera pa Pasaka.

Ndati, "Mwanayo ukumufuna?"

Ati, "Ndikumufuna. Usadzandifunsenso zimenezo."

"Ndiye kolowekatu nsapato."

"Ligi ikatha."

Mxii! Ligi ikutha mu Malichi. Dokotala wamuuza kale kuti pa ayezi asapondepo, iye wangovomera ndi mutu n'kutuluka. Akuti chaka chino n'chomaliza kwa iye, ndipo ife a timu ya Akadzidzi sitinafikepo pafayinolo chiyambire timuyi. Akutinso akangosiya kusewera bambo ake adziwa tsiku lomwelo, pamene iye akufuna Radovan abwere kaye, akagogode pakhomo ngati munthu. A Lacko ndi aja osaphonya Misa, sakamba ndi mchemwali wawo mpaka lero chifukwa cha nkhani ngati yomweyi.

Wandilumbiritsa pa manda a agogo anga kuti ndisauze munthu. Ndalumbira, chitsiru ine.

Lachinayi, 16 Januwale

Ndapempha akochi, a Oravec, kuti Timea (ndizingolemba T.) akamalowa nanenso ndizilowa. Andiyang'ana ndi diso limodzi. "Mwayamba liti kukondana chonchi?" Koma alola.

Kwathu kumudzi ng'ombe ya bere ngakhale galu saloledwa kuiuwa. Kuno ine ndikuperekeza ya bere kunkhondo.

Loweruka, 18 Januwale

Phale, kampira kaphwatalala timamenya kaja, sindinalione masewero onse. Maso anga anali pamimba pake basi. Aliyense womuyandikira ndimamufika ndisanaganize. Wina ndamupanikiza kumpanda mpaka galasi lachita phokoso, wina ndamukoka phazi wagwa chagada. M'khola ndalowa katatu, ndipo nthawi imene ndinali m'menemo ndinaima chilili, chipumi pagalasi, kumuwerengera masitepe.

Tapambana. M'chipinda chovalira Vanda, kamtsikana kathu kapatsogolo, kati, "Slávka, wadya chiyani lero, nyama ya galu?" Onse kuseka. T. sanaseke. Amamasula zingwe za nsapato osadzutsa mutu.

Lamulungu, 26 Januwale

Dzanja latupa, cholembera chikuvuta kugwira. Dzulo wina anamukankha T. kumbuyo pafupi ndi golo. Kukankha wamba, kumene ifenso timachita tsiku ndi tsiku. Ndinataya magulovu n'kumuthira wokankhayo chibakera pawaya wa chisoti. Waya saumva ululu, umamva ndi iwe. Khungu la pamfundo za zala lonse latsala pomwepo.

Akochi andikalipira pamaso pa onse. "Ukufuna nkhonya pita ukalembetse kwa ankhonya! Timu ikusewera anthu operewera chifukwa cha iwe!" Ndangoti pepani akochi. Ndikanati chiyani?

Amayi aimba, amva kwa mwana wa aneba. Ati, "Tinakutumiza kusukulu kapena kokapha anthu?"

Lamulungu, 2 Febuluwale



Dzulo m'chigawo chachitatu T. anaterereka yekha n'kukamenya mpanda cham'mbali. Palibe anamukhudza. Ndimenya ndani, ayezi? Anadzuka n'kumaliza masewero. Lero m'mawa wandidzutsa, mawu ali ang'onoang'ono. "Slávka, pali magazi."

Tinathamangira kuchipatala pa thiramu, kasitima ka m'tauni kaja, ine nditavala jekete pamwamba pa zogonera. Ndinakhala panja ndikupemphera mapemphero amene ndinawaiwala kalekale. Atatuluka anali ndi kachithunzi kakuda. Mwana ali moyo, mtima ukugunda. Anandionetsa kamutu, timanja. Analira, nanenso ndinalira, mamina ndi misozi pamodzi pakati pa anthu.

Ndinati basi, wamva. Tikudikira thiramu ndinati, "Ndikuperekeze kwa akochi lero kapena mawa?"

Ati, "Dokotala wati ndipume sabata imodzi. Loweruka likubwerali tilibe masewero. Zangokwanirana."

Dokotala sananene zimenezo, ndikudziwa. Ndamuuza T. kuti ndi wodzikonda, kuti chikho cha chitsulo chamukulira kuposa mwana. Wanditchaya mbama, yeniyeni, khutu likulirabe. Ndakweza dzanja ndiye ndakumbukira. Ndamenya chikwangwani cha pasiteji ndi dzanja lotupa lomwe lija.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Sitikuyankhulana. Koma wandisiyira supu ya kabichi pawindo, mbale itavindikiridwa.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Buluku lake lamasewero layamba kuthina. Wati ndimuthandize kumasula lamba wakumbuyo. Pomanga wandigwira dzanja n'kuliika pamimba pake. Sipakuoneka kanthu, koma palimba. Ati akakhala wamkazi ine ndidzakhala mayi wake wa ubatizo. Ndati, "Adzafike kaye." Wandisiya dzanja.

Loweruka, 15 Febuluwale

Zanga zada.

Masewero omaliza tisanalowe ndime yachipulula, ndi Mimbulu yomwe ija, pabwalo pathu. Anthu anadzaza, ng'oma ya a Lacko kumveka mpaka m'chifuwa. Bibiána anayamba nane tisanayambe n'komwe. "Dzino lija lilipobe, chimwana cha ng'ombe? Bwera ndikumalizire." Ndinati, "Bondo lako likuti bwanji?"

Chigawo chachiwiri tili patsogolo 2-1. T. anaima pamaso pa golo lawo kudikira phale. Ine ndinali kutali, pamzere wabuluu. Ndinaona Bibiána akutembenuza ndodo, n'kumubaya nayo T. pamimba, pansi penipeni pa chotchinga chifuwa. Bibiána za mimbayo sakudziwa kanthu. Amabaya aliyense pamenepo, nanenso ndabayapo anthu pamenepo. T. anapindika n'kugwada.

Zotsatira ndikuzikumbukira zidutswazidutswa. Bibiána ndinamufika ndi liwiro lonse, ndodo ili chopingasa pakhosi pake. Anagwa, ndinamukwera. Chisoti chake ndinachizula, lamba anaduka. Ndinamenya. Ndinamva mphuno ikuphwanyika pansi pa chibakera changa ndipo sindinasiye. Magazi pa ayezi amadumphadumpha asanaume, lero ndaona. Oyimbira awiri anandikoka, mmodzi ndinamuponda ndi chigongono mkamwa. Vanda amakuwa dzina langa. Ng'oma inali itasiya.

Bibiána amutulutsa pa machira, thaulo kumaso. Ine anditulutsa anthu akulavula kuchokera m'mwamba.

T. anapuma pang'ono n'kubwereranso pa ayezi. Anamwetsa chigoli china. Magazi sanatuluke, ndamufunsa mpaka wanditukwana.

Lolemba, 17 Febuluwale

Kalata yabwera. Andiletsa kusewera mpaka ligi ithe. Zokonzekera ndingathe kuchita nawo, masewero ayi.

Semifayinolo Loweruka. Tikumana ndi ndani? Mimbulu. Kwawo.

Bibiána wathyoka mphuno ndi fupa la pansi pa diso. Ndamulembera kupepesa, wawerenga, sanayankhe. Ndikuchita manyazi, zoona, mtsikana uja sanandilakwire chofika pamenepo. Koma anzake ayankha. Alembera Vanda kuti poti ine kulibe, ngongole ya magazi alipira ndi kaputeni wathu. "Timupinda pakati." Vanda watiwerengera m'chipinda chovalira akuseka, ati ndi zoopseza chabe. Ine sindinaseke nawo. Ndimawadziwa. Ifenso tikanachita chimodzimodzi.

Ndiye T. ndamuikira ndekha chizindikiro pamsana. Ine mlonda.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ndamuuza T. kuti ndikukaulula kwa akochi, manda a agogo andikhululukire. Sanakwiye n'komwe. Amapesa tsitsi pagalasi.

Ati, "Pita. Ndikakana. Ndikawauza kuti mutu wako sukugwira, ndipo pambuyo pa Loweruka lija akhulupirira ndani, iwe kapena ine? Akandikodzetsa m'kapu?"

Ndati, "Timi, akupha mwanayo."

"Ndidzazemba. Ndine wothamanga kuposa onse aja."

"Mpanda uja unauzemba?"

"Masewero awiri okha, Slávka. Awiri. Kenako ndikhala pansi ndiziluka timasokosi mpaka utope nane."

Ndapitabe. Ndawauza akochi kuti T. sali bwino, asamuike. Ati wadwala chiyani. Za mimba sindinatchule, lumbiro lija landimanga. Iwo aitana T., iye wazungulira bwalo kawiri ngati mphepo n'kuima patsogolo pawo, ayezi kuwathovokera pamabuluku. Akochi ati, "Nsanje ndi matenda, Slávka. Iwe wadzitulutsa wekha, usatulutsenso anzako."

Lachinayi, 20 Febuluwale

A Lacko abwereka minibasi, atenga abale onse kukaonera.

Ndaganiza chinthu. Sindichilemba.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Ndikulembera pabenchi ya chipatala.

Zokonzekera zomaliza, masana. Akochi anandiika mbali ya otsutsa, ati ndizisewera ngati Mimbulu kuti atsikana azolowere. T. anabwera ndi phale kumbali yakumanzere. Anandimwetulira kuseri kwa waya, monga amachitira akafuna kundidutsa. Ndinagwira ndodo manja awiri n'kuitsitsa ndi mphamvu zanga zonse padzanja lake lamanja, pamwamba pa gulovu. Ndinasankha dzanja chifukwa lili kutali ndi mimba. Ndinamugwira jezi kuti asagwe.

Dzanja linalira ngati nkhuni youma. Iye sanakuwe msanga. Anayang'ana dzanjalo, litapindika pamene silipindika, kenako anayang'ana ine. Ndiye anakuwa.

Vanda, kamunthu kochepa kaja, kanandiswa ndodo pamsana. Wapagolo anandigwetsa, ena amandiponda. Sindinabweze. Akochi anawakankha onse, nkhope ili gwa, n'kuti, "Lowa m'galimoto. Ukaone ndi maso ako zimene wachita."

M'galimoto T. anali kutsogolo, dzanja pa pilo. Anangonena kamodzi, osacheuka. "Galu iwe. Usadzandiyankhulenso." Ndinati chabwino.

A Lacko anafika kuchipatala ndi zovala zakuntchito, akochi atawaimbira. Sanafunse kanthu. Anandigwira pakolala n'kundikhomera kukhoma, mutu wanga kugunda matailosi. "Ndakudyetsa pakhomo panga iwe! Ndimakutcha mwana wanga! Wamuchitiranji? Yankha!" Malovu awo kumaso kwanga. Chibakera chinali kale m'mwamba, ndipo ndinatsinzina kuti chibwere, chinandiyenera.

Chitseko cha kojambulira mafupa chinatseguka. Nesi wonenepa, wotopa, anaitana dzina la T. osayang'ana aliyense, n'kufunsa pakhomo pomwepo monga amafunsira mkazi aliyense asanalowe m'makina aja. "Mulibe pakati, eti?"

Zimenezo sindinaziganizire, ndikulumbira. Ine ndimangofuna amumange pulasitala kuti asasewere mawa.

Nesi anadzutsa mutu. "Chemwali, ndafunsa. Kuwala kwa m'katimu kumavulaza mwana. Muli ndi pakati kapena ayi?"

T. anayang'ana chitseko, anayang'ana bambo ake. Dzanja lake lamoyo linapita pamimba.

Ati, "Ndili napo. Miyezi itatu yakwana."

Akochi anakhala pansi pampando umene unali pafupi. Nesi anati, "Ndiye tikuvekani chotchinga, bwerani," n'kutseka chitseko.

Dzanja la a Lacko linali likadali pakolala panga, koma silimafinyanso. Anandifunsa chapansipansi ngati ndimadziwa. Ndinagwedeza mutu. Anafunsa kuyambira liti, ndinati Januwale. Anayang'ana zala zanga zosupukazi nthawi yaitali.

Tsopano akhala kumapeto kwa benchi yomweyi, chipewa m'manja. Mkatimo ndikumva T. akulira, akumuwongola fupa.