Nambala ya Manda Anu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndine mwana wanu Teleza. Kuno ku Bangwe tilipo, kungoti madzi akuvutabe pampopi. Mlamu wanga Agnesi anachira mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Kamunda kanu ka ku Machinjiri katipatsa chimanga chochepa, koma nandolo ndiye wachita bwino.

Nkhani yaikulu ndi ya chiliza chanu. Anyamata ogulitsa zitsulo zakale anazula timapuleti ta manambala kumanda kuja, mizere yambirimbiri n'kutsala yopanda chizindikiro. Achimwene a Fulansisi, mwana wanu woyamba, anati palibe vuto, iwo amapadziwa, ndi pa 5,401, ndipo akhala akulimirapo chiikireni maliro. Anali atagula kale simenti ndi kupangana ndi mmisiri.

Ine nditamva nambalayo mutu unakana. Mukudziwa matenda anga, Amayi, nambala iliyonse ndikaiona ndimayamba kuigawagawa, ngakhale ya minibasi. Paja munkati, "Iwe Teleza, masamu akowo uzisiya kusukulu komwe umaphunzitsako, pano tsuka mbale." Tsiku lokuikani lija, anthu akuimba, maso anga anagwera pa kapuleti, mutu n'kuyamba wokha ntchito yake. Nambala yanu sinkagawika ndi 2, 3, 5 kapena 7. Ndinayesa zina mpaka ndinapeza kuti ndi 71 kuchulukitsa ndi 71, yomwe timati sikweya. Zoigawa popanda chotsala ndi zitatu zokha: 1, 71 ndi iyo yomwe. Inutu munatisiya muli ndi zaka 71. Mpamene ndinalira osatonthozeka, ndipo chinthu chotere munthu saiwala.

Tsono 71 kuchulukitsa ndi 71 ndi 5,041, osati 5,401. Ya achimweneyo ndi 11 kuchulukitsa ndi 491, ilibe chibale chilichonse ndi inu. Anangosinthanitsa 0 ndi 4, basi. Koma kuwauza zimenezo, ayi ndithu, kunali ngati ndawatukwana. Anati ine ndimadzimva sukulu, mwana wamkazi sangawaphunzitse pomwe anaika mayi awo. Munkanena ndinu kuti Fulansisi akagwira chinthu sataya ngati nkhanu. Ndinachita mantha, Amayi, kuti dzina lanu lilembedwa pamutu pa munthu wosamudziwa, inu n'kutsala m'thengo mpaka kalekale.

Loweruka ndinawakakamiza kuti tipite. Ogwira ntchito kumandako anawerenga mizere kuchokera pa ziliza zomwe manambala ake akuonekabe, n'kutilozera pa 5,041. Panali udzu wofika m'chiuno. Titasenga, tinapeza kapu yanu yachitsulo ya maluwa ofiira, imene azakhali a ku Nsanje anaiboola n'kuisiya pamtumbira monga amachitira kwathu.

Achimwene anangokhala pansi pa dothi lomwelo, kapuyo ili m'manja. Sanandiyang'ane, ndipo ine sindinawakumbutse kuti paja ndinawauza. Anandimvetsa chisoni kwambiri. Zaka zonsezi akhala akupalira, kuthirira maluwa ndi kudandaula mavuto awo kwa mayi a eni, inu muli chapafupi pomwepo mukumera udzu.

Mutikhululukire, sitinakutayeni dala. Chiliza timanga mvula isanagwe, ndipo nambala ndikailemba ndekha pa simenti yaiwisi, pomwe wakuba sangazule. Achimwene akuti kwa mnzanu wa pa 5,401 azipitabe, poti palibe wina amabwera kudzamuona. Ndawalonjeza, ndipo ndikulonjezanso inu, kuti tizipita tonse ndi makasu awiri.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu,
Teleza