Kabedi Kena M'chipinda cha Amayi

Okondedwa Azakhali,

Muli bwanji kumeneko? Ine kuno ndikungovina ndekha m'khitchini! Chilolezo changa chokhalira kuno, chija chinatha mphamvu nditachedwa kumudzi podwazika bambo, andibwezera dzulo. Tsopano ndikhoza kuitanitsa amayi kuti adzakhale nane!

Chonde mupite nawo akajambulitse chithunzi cha pasipoti. Asaseke, ndipo makutu onse awiri aoneke. Muwanyengerere, mukudziwa mmene amakanira kuvula mpango.

Chipinda chawo ndapenta kale, ndipo dzuwa limalowa bwino pawindo. Kungoti pakona pali kabedi kena kakang'ono. Mwini wake wayamba kukwawa, ndipo makutu ake ndi a amayi enieni. Izi musawauze kaye, Azakhali. Ndikusakabe poyambira.

Ndine mwana wanu wakutali uja.