Chipewa Munandilukira Chija

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kuvuta. Ine chimfine chatha.

Lolemba kunacha ndi dzuwa, ndiye ndinapita kuntchito yokonza msewu ku Thamesmead, kuno kutsidya kwa nyanja, nditavala kajekete kopyapyala. Dzuwa lakuno ndi labodza, Amayi. Zala zinauma ndi kuzizira mpaka fosholo inandipulumuka. A Phiri, bambo a ku Chipata amene timagwira limodzi ntchito, ananditengera kusitolo. Anandisankhira jekete lochindikala losalowa madzi ndi nsapato zaubweya m'kati. Titafika pa zipewa, anagwira changa n'kunena kuti, "Muno mulibe choposa ichi."

Ndi chija munachita kundikankhira m'chikwama tsiku lonyamuka. Zikomo, Amayi. Chonde mulukenso china, a Phiri makutu ali pamtunda.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Limbani