Akazi Anga Akutchola Tiyi Wosaoneka Kuseri kwa Nyumba

Aphungu,

Ndine nkhalamba ya ku Masambanjati, mmodzi mwa aja tinawoloka Ruo kalekale kuthawa Apwitikizi. Kulemba sindidziwa, akundigwirira cholembera ndi aphunzitsi a Everson, ndipo andichenjeza kale kuti pepala ndi limodzi. Kuno amandidziwa ndi pakamwa. Pamaliro pakakhala zii amatuma munthu kudzanditenga, ndimayankhula mpaka anamfedwa aseke. Koma zimene ndaona pakhomo panga chaka chino cha 1935 zandisowetsa chonena.

Mwana wathu Ester anamwalira mu Malichi pobereka, khanda lomwe linatsagana naye. Iyeyu ankatchola tiyi ku esiteti limodzi ndi mayi ake, a Miriam, akazi angawa, mizere yoyandikana, zaka zisanu ndi chimodzi. Titameta, a Miriam anangouma. Kuntchito anasiya. Kulira ayi, kudya kongolawa, kupemphera akuti mawu sakubwera. Ine ndinayesa nkhani zanga zonse, ngakhale ija ya kapitawo amene anathamangitsidwa ndi njuchi mpaka kukagwera m'damu chipewa chili kumutu, nkhani imene sinandichititsepo manyazi. Anangondiyang'ana ngati akuyang'ana khoma.

Tsono mwezi wathawu, m'mawa belu la ku fakitale litangolira, ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pakati pa nthochi. Aima chilili, maso atseka, manja onse awiri akuyenda m'malere pang'onopang'ono, zala zikutsina pomwe palibe kanthu. Akoka mpweya wautali, autulutsa, asuntha phazi limodzi, ayambanso. Ndinati basi, mutu wapita. Ndinabisala kuseri kwa tsinde. Ataponya dzanja kumbuyo kwa phewa m'pamene ndinazindikira kuti akutchola tiyi. Masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu, chonsecho tiyi palibe, dengu palibe. Ndipo kumanzere amasiyako malo, mbali imene ankaima Ester. Akafika pothera nthochi amakhala pansi, manja pamaondo, phee, misozi ikungotsika yokha.

Ndawazonda chonchi milungu itatu. Chondizunguza n'chakuti ayamba kudya. Dzana anandikalipira chifukwa chosiya khasu pamvula, ine mpaka kukondwa. Lamulungu lapitali ndinamva mawu awo m'tchalitchi akuimba nawo.

Koma a Anesi oyandikana nafe anawaonera pampanda, nkhani n'kukafika kwa a Stewart, mkulu wa mpingo wathu. A Stewart anandiimitsa panjira, amvekere, "Achimwene, m'nyumba mwanu mwalowa nantongwe, mizimu ija tinaisiya kwathu. Lero ndi manja, mawa mudzatiitanira ng'oma." Ine ndinati, "Ng'oma yake iti, a Stewart, poti ngakhale nkhuku zimangodya pamapazi pawo osathawa?" Iwo osaseka. Anati, "Inu zonse mumayesa nthabwala." Akuti kumapeto kwa mwezi wamawa tikaonekere kwa akulu a mpingo, ndipo a Miriam akapanda kulonjeza kuti asiya, adulidwa. Munthu anabatizidwa zaka makumi awiri zapitazo, mgonero sanauphonyepo, ngakhale chaka chija anatupa mwendo anapita chotsimphina.

Ndiulule china, aphunzitsi lembani ndithu. Tsiku lina a Miriam atapita kumadzi ndinakaima pamalo pawo paja n'kuyesa. Ine sindinatcholepo tiyi, ntchito yanga inali yodula nkhuni za ku fakitale. Ndinangokweza manja kawiri katatu, basi ndinalira mpaka kugwada. Ine amene pamaliro a Ester ndinali kalikiliki kucheza ndi alendo, diso louma. Tsono ndili ndi mantha. Kapena a Stewart akunena zoona, chandigwira nanenso?

Ndiwaletse akazi anga, abwerere kouma kuja, kapena ndiwasiye adulidwe? Iwo sakudziwa kuti ndimawaona, ndipo za akulu a mpingozi sindinawauze.

F. N., Masambanjati

Bambo F. N.,

Pepani ndi imfa ya Ester ndi mdzukulu wanu. Kalata yanu yandidzidzimutsa, koma osati pamene inu mukuganizira. Milungu itatu mwakhala mukubisala m'nthochi. Mwakambirana ndi a Stewart, mwauza aphunzitsi, mwauza ine ndi onse owerenga, koma eni ake simunawafunse kanthu. Munthu wa pakamwa ngati inu.

Ogwidwa ndi mizimu nanenso ndawaonapo. Amagwa, amanjenjemera, amayankhula ndi mawu achilendo, akatsitsimuka sakumbukira kanthu. Akazi anu amayamba belu likalira, amasunga mzere, amaleka okha, kenako amakaona kuti khasu lagona pamvula. Ameneyo ndi munthu wanzeru zake zonse. Chisoni sichikhala m'mutu mokha, chimakhalanso m'mapewa, m'chifuwa ndi m'manja. Manja awo anagwira ntchito pambali pa Ester zaka zonsezo, ndiye akumulira m'njira imene akuidziwa. Kupuma kwautali kuja ndi kukhala phee kumamasula chifuwa, ndipo pemphero limene linakana kutuluka pakamwa likhoza kudzera m'menemo. Inuyo chimene chinakugwirani si mzimu. Ndi maliro a mwana wanu amene munali musanalire.

Chitani izi. Mawa m'mawa musabisale. Khalani pansi chapatali pomwe angakuoneni, pakamwa potseka, mpaka amalize. Kenako auzeni zonse: kuti mwakhala mukuwazonda, kuti munayesa n'kulira, ndiponso za akulu a mpingo. Akwiya, ndipo akuyenera kukwiya. Mkwiyo ukatsika afunseni zimene zimakhala mumtima mwawo akamatchola. Yankho lawo musalikometsere, musalidule ndi nthabwala, ngakhale litachedwa kubwera.

Akalola, pitani kwa a Stewart tsiku la mlandu lisanafike. Apempheni abwere m'mawa ndi mayi mmodzi wa mumpingo amene anatcholapo tiyi, adzaone ndi maso awo m'malo momva za pampanda. Mayiyo adzawazindikira manjawo msanga kuposa amuna nonsenu. Kwa akulu a mpingoko a Miriam akadziyankhulire okha. Inu mukanene zimene munaona basi: anali osadya, pano akudya, anali osaimba, pano akuimba. Za kapitawo ndi njuchi mukazisiye kunyumba.

Koma samalani. Mukaona kuti ayamba kucheza ndi Ester ngati akuyankhidwa, kapena asiyanso kudya, kapena akuiwala kumene ali, musachedwe, pitani nawo kuchipatala cha mishoni. Komanso sindingakulonjezeni kuti akulu a mpingo akamvetsa. Akhoza kuwadula ndithu. Zikafika pamenepo, musadumphire kuwalonjezera kuti asiya, pakuti lonjezolo si lanu. Odulidwa amabwezedwa mumpingo pakapita miyezi, ndawaonapo ambiri. Koma mayi amene mwamuletsa kulira mwana wake, sindikudziwa kuti mungadzamubweze bwanji.

Aphungu