Manja M'thumba

Chiromo
9 Sepitembala 1919

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti inu ndi mayi muli bwino ku Chapananga, ndi kuti mbuzi zikupezabe madzi. Kalatayi akuwerengereni aphunzitsi a Anderson, koma pasakhale anthu ena.

Ukapitawo wa pa munda wa thonje uja ndinaupeza. Tsiku loyamba lomwe ndinaletsa zonjuta ndi zoomba m'manja pamaso panga. Ndinati tonse ndife anthu, aziima, azindiyang'ana m'maso monga tinkachitira ku sukulu ya mishoni. Kodi pamenepa ndinalakwa? Ine ndikufuna zinthu zisinthe ndikali moyo.

Koma chiyambire palibe wafika pakhomo panga ndi dandaulo. Ndikangoyandikira otola thonje, nyimbo imaduka.

Pali mkulu wina, Lorenso, Msena amene anathawa nkhondo kwa Apwitikizi. Mwezi watha anadza, nanjuta, nayamba kuomba m'manja. Ine ndili chiimire, manja m'thumba, ndinati, "Imani, nenani msanga." Anaima, nayang'ana nsapato zanga, nati, "Palibe kanthu, bwana," napita. Kani anadzapempha kuti apumeko, chitsa chinamulasa phazi. Anagwira ntchito choncho mpaka mwendo unatupa kufika m'bondo. Tsopano ali gone, ndipo a kuchipatala akunena zodula.

Dzulo ndinakamuona. Mkazi wake Imelda anandiyalira mphasa, ine n'kuimabe poopa kudetsa buluku. Mayiyo anati, "Khalani pansi, mwananga, mukutitchinga dzuwa. Uko tinachokera, oima chonchi manja m'thumba amadza kudzamanga anthu. Bambo awa anaomba, inu simunabweze. Akanayambira pati kulankhula?"

Ndinakhala pansi.

Mzungu mwini munda akuti ndiwonjeze ukali pankhope, chifukwa anthu ayamba kuthawa. Ndikakana, ntchito yatha. Ndikamvera, nditsala ndekha ndi thonje lake. Ndimatibe zonjutazi zidzatha tsiku lina, Bambo, koma mwendo wa munthu sudikira tsikulo.

Chonde mupemphe asing'anga a Sebastiano mankhwala aja a zilonda, mupatsire woyamba kubwera kuno. Mayi musawauze za mwendowu. Muwauze kuti mwana wawo akuvala nsapato.

Moni kwa onse pakhomo. Inu simukundiona, koma ndaika cholembera pansi, ndanjuta, ndaomba m'manja kuyang'ana kwanuko. Mubweze, Bambo.

Ndine mwana wanu,
Leonard