Ulusi wa a Kangaude

14 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, chimfine chija chinatha.

M'kalata yanu munandiseka kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzira kupota ulusi wosaoneka. Simunaname. Timasungunula pulasitiki m'mankhwala, n'kuthira mu jakisoni, kenako timalumikiza magetsi amphamvu ku singano yake. Kadontho ka kunsonga kamakokeka, n'kuuluka, n'kuumira m'malere, kusanduka ulusi woti tsitsi lanu pambali pake lingaoneke ngati chipika. Ukagwera pa chitsulo chafulati umangopiringizana. Ife timafuna ugone mbali imodzi, chifukwa ukatero umalimba pokokedwa m'litali mwake, ndipo maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, amakula motsatira mzerewo. Tikuyembekeza kuti tsiku lina udzathandiza munthu woduka mtsempha kuti zala zake zimvenso.

Tsopano za ntchito yokhazikika ija. Malo anali amodzi, ofuna tinali awiri: ine ndi mayi amene ndimagwira naye m'chipinda chimodzi, yemwe tonse timamutchula a Kangaude. Ndi munthu wamfupi, woyimba moipa, ndipo amakalipira makina ngati ana ake. Koma Achemwali, mukanaona manja awo! Ine ulusi wanga ndimaukulunga pa mgolo wozungulira. Mgolo ukachedwa ulusi umapindika, ukathamanga kwambiri umaduka. Iwo amaika zitsulo ziwiri motalikirana pang'ono, ulusi n'kumadziyala wokha pampatapo. Pouchotsa amagwira mpweya, n'kuunyamula pa kafelemu osadula ndi umodzi womwe. Ukauyang'ana pa makina okuzira zinthu umachita kuwongoka ngati mizere ya m'kope.

Kutatsala masiku ochepa kuti tikaonekere kwa akuluakulu, mvula inayamba ndipo chipinda chinadzaza chinyontho. Ulusi wanga unasiya kuuma bwino, unkangomatirira pa mgolo ngati ulimbo. Ndinayesa izi ndi izo, osatheka. Ndinangokhala chete, poganiza kuti mnzako wopikisana naye sumuonetsa bala.

A Kangaude anaona okha. Anaima kumbuyo kwanga, n'kuyang'ana mgolowo. Atabwerera pamalo pawo anazula kamakina kawo koumitsa mpweya, kamene tili nako kamodzi kokha, n'kukaika m'bokosi lomwe ndimapoteramo ulusi. Nditawakumbutsa kuti nawonso akukafuna, anangoti ulusi wawo ndi wochepa, upirira. Anandiuzanso kuti nditalikitse singano kuti ulusi uzipeza nthawi youma. Mawa lake ndinachotsa pa mgolo kansalu koyera, kosalala, kokongola kuposa konse komwe ndinapangapo. Ndinakakoka m'litali, kanakana. Ndinakakoka cham'mbali, kanang'ambika mosavuta, monga momwe kayenera kuchitira.

Tsiku loonekera tinalowa limodzi. Bwana wamkulu anafunsa a Kangaude ngati njira yawo ndiyo yabwino kuposa yanga.

"Wowongoka kwambiri ndi wanga," anayankha, "koma ndi waufupi, ndipo umatuluka wochepa. Ndikatalikitsa zitsulo sufika tsidya linalo. Munthu atabwera ndi mtsempha wautali woduka, ndingamutumize kwa mnzangayu."

Kenako anafotokoza zomwe akufuna kuyesa kuti vutolo lithe, momveka bwino moti nanenso ndinaiwala kuti tikupikisana, ndinayamba kugwedeza mutu.

Ntchito anapatsa iwo, Achemwali. Ndikanakhala pa mpando wa akuluakuluwo, nanenso ndikanasankha chimodzimodzi. Nditapita kukawayamikira ndinawapeza akupukuta magalasi, maso ali ofiira. Anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mgolo wanu sindiuchotsa. Koma muusiyire malangizo, chifukwa ine sundimvera." Tinaseka tonse.

Nthawi yanga kuno ikutha kumapeto kwa mwezi wamawa. A Kangaude alembera anzawo a kumalo ena za ine, ndipo anandiwerengera zomwe analembazo mpaka ndinachita manyazi. Yankho silinabwere. Masiku otsalawa ndikuwaphunzitsa mgolo, iwo akundiphunzitsa kunyamula ulusi pa felemu. Dzulo ndinadula wochepa chabe, anandiombera m'manja.

Musade nkhawa, ndikudya ndipo ndikugona. Kungoti ndimafuna kudziwa ngati kachipinda kanu kosungira katundu kaja kakadali ndi bedi. Sindikhalitsa, komanso ndiziwathandiza ana masamu.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa kamtsikana kanu kamene kamauza anzake kuti amayi ake aang'ono amapanga zinthu zochiritsa anthu. Musakatsutse. Amayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikugwira ntchito ndi munthu wabwino kwambiri. Zinazo ndidzawauza ndekha, nditakhala nawo pansi.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.