Ndinatuma Phuthego

Lamulungu, 8 Okutobala

Tafika ku Kasane. Maola khumi m'basi kuchokera ku Mahalapye, chonsecho dalaivala anatilonjeza asanu ndi atatu. Ine zaka makumi atatu ndinayang'anira siteshoni, sitima ikachedwa mphindi khumi ndinkalemba lipoti. Bondo lakumanzere latupa.

Anzanga a gulu la opuma pantchito abwera kudzaona njovu. Ine njovu ndinaziona kale. Ndilembe pano poti palibe adzawerenge: ndabwera chifukwa cha Mma Gaone, mayi wamasiye wa kukwaya kwathu (muno ndiziwalemba M.G.). Pa 28 akwera ndege kupita ku Canada kwa mwana wawo Gaone, ndipo Loweruka likubwerali asayina kuti munthu wa lendi alowe m'nyumba mwawo kwa zaka ziwiri. Munthu wa zaka 72 ngati ine zaka ziwiri sazitenga mwachibwana. Chombo chogonamo cha pamtsinje tikwera mawa, titsika Lachisanu. Ndili ndi masiku anayi oti nditsegule pakamwa.

Zaka zitatu ndikuwanyamulira buku la nyimbo pochokera ku kwaya. Mawu enieniwo sanatulukebe.

Lolemba, 9 Okutobala

Chidindo cha Botswana, kaboti, kenako chidindo cha Namibia pakaofesi kapachitunda, dzuwa likuswa mtengo. Zonsezi kuti tikwere chombo chimene chikuoneka bwinobwino tili kwathu.

Pokwera, M.G. anagwira dzanja langa. Anati, "Gwirani zolimba, Rra Bonolo. Ndabadwitsa theka la Mahalapye ine, sindikufuna kufera m'madzi olekeza m'mawondo." Ndinaseka mopitirira muyeso. Anandisiya dzanja n'kupita.

Chipinda ndili ndi Phuthego, mnzanga wakunjanji, ankayendetsa sitima za katundu. Wadzaza kale shelefu yonse ndi mabotolo a mankhwala, ine mswachi ndaika m'thumba la malaya.

Vuto ndi Ditiro, mlongo wawo wamng'ono wa M.G., uja anali kalaliki kubwalo la milandu. Wawamatirira ngati nkhupakupa. Akakhala, iye ali pambali. Akaimirira, iye wanyamula kale chipewa. Patebulo amawauza chimene dokotala analetsa.

Chombochi chimayenda mochedwa mpaka kupwetekesa mutu. Anthu angoti ndwii kuyang'ana njati, akuti mtendere. Kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo ndi mapazi 34. Ndayenda kakhumi ndi kasanu, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndataya kanthu. Tsiku loyamba latha.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Mwayi unabwera m'mawa. Ditiro anapita kowedza mcheni ndi amuna ena, ife tinakwera kaboti kokaona nyama. Ndinakhala moyandikana ndi M.G., benchi imodzi, injini yazimitsidwa, njovu zikuwoloka ndi tiana take pakati. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira pometa ndevu.

Ndinati, "Mma."

"Rra?"

"Kodi mukudziwa kuti mvuu imatha mphindi zisanu pansi pa madzi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndi zokhazo?"

"Ena amati zisanu ndi imodzi."

Anatembenukira ku njovu. Ine ndikanalakalaka ng'ona itanditenga pomwepo.

Masana.

Ndaganiza. Mwina ndikulephera chifukwa ndikufuna kuyamba ndi kumchira. Pamene ndinkakwatira malemu mayi a Bonolo mu 1978, pamaso pa akwawo sindinayankhule liwu ndi limodzi lomwe. Amalume anavala majekete, anadzuka mbandakucha, anakagwada kubwalo n'kupempha. Patlo, mwambo wathu wopempha mkazi, imayenda choncho, ndipo banja lathu linakhala zaka 39. M.G. si mtsikana wokumana naye pabasi. Ndi mayi waulemu wake, ayenera kupemphedwa mwa dongosolo. Amalume anga anatha onse, koma Phuthego ndi wapabanja, ndipo watsogolera patlo kasanu ndi kanayi. Wamwamuna wa kwa M.G. alipo pompano, Ditiro.

Ndinamuuza Phuthego akupaka mafuta kumapazi. Anasiya kupaka.

"Mwiniwakeyo wayankhula naye?"

"Akudziwa."

"Wamvera pa wailesi?"

"Zaka zitatu, Phuthego. Mkazi saona?"

"Iwe, amalume amapita kukamanga chimene awiri agwirizana kale. Safunsa anadya phula."

Ndinamuuza kuti ngati akuopa anene. Apo ndiye ndinamugwira, chifukwa Phuthego ntchito imeneyi amaikonda kuposa chakudya. Wayamba kale kuyeserera mawu kubafa. Jekete ndimubwereka langa.

Lachitatu, 11 Okutobala, m'mawa

Zachitika. Hafu pasiti faifi, padenga la chombo, anthu asanadzuke. Ine ndinabisala pamasitepe poti mkamwini saonekera.

Phuthego m'jekete langa, manja ake ofika kuzala, thukuta kale. Ditiro atamva chimene abwerera anaimitsa nkhani, akuti sangalandire alendo otere atavala sikipa. Anatsika, anafunafuna jekete osalipeza, anabwera atavala chovala chopulumukira pamadzi, chofiirira chija. Palibe anaseka. Phuthego anavula chipewa, anakhala pansi, nati, "Rra, tatumidwa ndi a kwa Rra Bonolo. Tadzapempha chikho cha madzi."

Ndiwo mawu opemphera mkazi kwathu. Ditiro anatsokomola kaye. Anafunsa kuti Rra Bonoloyo ndi mwana wa yani, ngati kuti sitinakhale benchi imodzi kutchalitchi zaka makumi awiri. Kenako anati wamva, koma iye ndi mwana, akauza akuluakulu, abwerenso. Ndi mmene zimayendera, tsiku loyamba sakuvomera.

Ndadya mazira awiri ndi phala la mapira. Mtima uli m'malo koyamba chichokereni kunyumba.

Lachitatu lomwelo, madzulo

Ndilembe mmene zinayendera, mwina ndiona pamene ndinagwera.

Chombo chitayandikira mbali ya Kasane mafoni anayamba kugwira. Ditiro, m'malo mokayamba ndi mlongo wake, anatumiza uthenga pagulu la abale onse. Amalume a ku Serowe, azakhali, adzukulu, ndi Gaone wa ku Canada yemwe. Tili pa nkhomaliro, nyama yosinja ili m'mbale, foni ya M.G. inalira. Anadzuka, anamvetsera ataima pazenera. Ndinangomva akuti, "Wati ndani? Liti?" Anabwerera pang'onopang'ono, anapinda kansalu kopukutira m'manja. Sanakweze mawu, n'chifukwa chake tebulo lonse linamva.

"Ditiro, ndinakusintha matewera ine. Lero ndiwe wondipereka?"

"Achemwali, mwambo umati..."

"Khala chete." Kenako kwa ine. "Rra Bonolo, ndamva kuchokera ku Canada kuti ndikukwatiwa. Uthenga wazungulira dziko lonse lapansi, chonsecho inu muli apa, mpando wachitatu. Pakamwa panu pamangogwira ntchito pa za mvuu?"

Anatenga mbale yawo kukadyera kuchipinda. Wina anagwetsa foloko. Phuthego anandinong'oneza kuti, "Ndinanena." Ndinamuyankha mawu amene sindilemba muno.

Ndayenda chombo chonse sindikudziwa kangati. Ndinafunsa woyendetsa ngati munthu angatsike lero, akuti ofesi ya zidindo yatseka. Amayi a gulu lathu ndikamadutsa amasiya kuyankhula, ndikangopitirira kuseka kumayamba. Mmodzi anandifuulira kuti, "Rra, mukatumenso kwa ine, mlongo wanga ali ndi jekete lenileni."

Ndachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Lachinayi, 12 Okutobala

Pa chakudya cham'mawa sanabwere. Latsala tsiku limodzi.

Masana.

Phuthego amafuna avalenso jekete akapepese. Ndalilanda n'kulitsekera m'sutikesi.

Anatitengera kukaona mudzi wa kutsidya. Ulendo wapansi, mchenga wotentha. Bondo linakana pakati panjira, ndinapatuka kukakhala pamthunzi. M.G. anali pomwepo kale, pachitsa, akudzikupiza ndi chipewa. Kubwerera kukanakhala kuthawa, choncho ndinakhala pansi chapatali.

Ndinati, "Mma, ndinalakwa. Pepani."

Mbuzi zinadutsa. Kenako anayamba, osandiyang'ana.

"Ndinali ndi zaka 19, ndili kusukulu ya unamwino ku Molepolole. Ndinabwera kutchuthi n'kupeza amayi akundisokera diresi. Amalume akuchimuna anali atabwera kale, majekete, chikho cha madzi, zonse. Ng'ombe zinali zitalowa m'khola. Bambo a Gaone sanali munthu woipa, ndinawasamala mpaka tsiku lomaliza. Koma zaka 41, Rra, palibe anandifunsapo kuti iwe ukufuna? Ngakhale iwo amene."

Ndinati sindinkadziwa.

"Mukanadziwa bwanji? Mumangonyamula buku." Anapukuta kukhosi. "Tikiti imeneyi ndaisuntha kawiri. Gaone ndinamunamiza kuti ndikudikira dokotala wa maso. Ndimati bambo awa ngochedwa, koma tsiku lina adzandifunsa ine mwiniwakene. Ndiye mwakafunsa Ditiro."

Anandiyang'ana tsopano.

"Kupepesa ndamva. Pali china?"

Chinalipo. Ndinatsegula pakamwa, ndipo nthawi yomweyo gulu linatulukira pakona ndi madengu awo ogula, Ditiro patsogolo akukupiza ambulera. M.G. anadzuka okha, sanafune dzanja la munthu.

Ndisamanamizire Ditiro. Panali mpata wokwana mawu khumi. Zoona zake n'zakuti ndikuopa. Si ulemu umene unanditumitsa Phuthego, ndi mantha. Ndimafuna kuti ngati yankho ndi ayi, lifike kwa ine litadutsa m'manja mwa anthu awiri, litapola. Ndinasungapo sitima yodzaza anthu pasiteshoni maola atatu, nduna ili momwemo ikutukwana, osagwedezeka. Lero ndikunjenjemera ndi mayi wamfupi wovala magalasi.

Sindinadye. Sinditha kukhala, sinditha kuima. Phuthego akuti ndikumuzunguza mutu, ndipite panja.

Lachisanu, 13 Okutobala

Ndikulemba pabondo, chombo chikubwerera kokocheza.

Masutikesi anatiuza titulutse seveni koloko. Ndinawapeza kumbuyo kwa chombo ali okha, kapu ya tiyi m'manja, akuyang'ana madzi. Ndinaima pambali pawo. Sindinakonze kalikonse, zokonza ndi zimene zandipweteka sabata yonseyi.

Ndinawaitana ndi dzina lawo lenileni, limene sindinalitchulepo. "Kesentseng."

Anatembenuka.

"Ndikukufunani. Ndakufunani zaka zitatu. Ndine wokalamba, wamakani, bondo limodzi linatha. Sindikufuna mupite. Kodi inu mukufuna kukhala nane?"

Liwu linatuluka lopyapyala ngati la mwana wa Sande sukulu, koma linatuluka. Iwo anaika kapu pansi. Anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, anawavalanso. Ndinawerenga mpaka makumi anayi.

"Bwerezani funsolo."

"Mukufuna?"

Anatseka maso pang'ono. Kenako anati, "Pa 28 ndikupita. Gaone akuchira mwezi wamawa, ndipo mdzukulu wanga sangabadwire m'manja mwa alendo ine ndili moyo. Zimenezo musazikhudze."

Ndinati ndamva.

Anatulutsa foni m'chikwama, anaiyang'anitsitsa patali, anadina ndi chala chimodzi. Ndinaganiza kuti akuimbira Gaone. Ndinamva mawu a mwamuna.

"Rra, ndine mwini nyumba ija. Mawa musabwere ndi mapepala a zaka ziwiri aja. Ayi, palibe chavuta. Ngati mukufuna, miyezi inayi. Ikatha ndidzaifuna nyumba yanga."

Anadula. Ine ndinayamba kumwetulira.

"Musatsegule mano, sindinavomere," anatero. "Zaka 68 ndafunsidwa kamodzi kokha, ndiye ndiyankhe tiyi asanapole? Mubwere Lolemba kunyumba, folo koloko. Nokha. Mudzandifunsenso, ndikufuna ndidzamve bwino."